Kulondera Nkhani ndi Makanema: Ntchito ya GLAAD ku America

GLAAD ndi bungwe la ku United States lomwe limatsatira, kudzudzula ndi kulangiza nyumba zofalitsa nkhani komanso makampani opanga makanema pa mmene amalembera ndi kuonetsera anthu a LGBTQ. Zilembo zimenezi zikuimira magulu angapo: akazi okonda akazi anzawo, amuna okonda amuna anzawo, anthu okopeka ndi amuna ndi akazi omwe, anthu a transgender, omwe mumtima mwawo sagwirizana ndi umuna kapena ukazi umene anawalembera pobadwa, ndiponso ena amene sadziika m'gulu limodzi mwa amenewa. Mabungwe ambiri omenyera ufulu wa anthuwa amathera nthawi yawo kukhoti kapena kunyumba ya malamulo. GLAAD inasankha bwalo lina: tebulo la mkonzi wa nyuzipepala, chipinda cha olemba masewero a pa TV, ofesi ya mkulu wa kampani ya makanema. Maganizo ake ndi akuti munthu asanakumane ndi anthu a gulu limene salidziwa, amakhala atamva kale za iwo pa wailesi kapena kuwaona pa kanema, ndipo zimene anamva koyambazo sizichoka msanga m'mutu.

Mmene zinthu zinalili kale

Kuyambira m'chaka cha 1934 mpaka 1968, makampani a makanema ku Hollywood ankatsatira malamulo odziletsa okha otchedwa Hays Code. Mwa zina, malamulowa ankaletsa kuonetsa poyera chikondi cha amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Anthu otere sanasoweretu m'makanema, koma ankaonekera mozembera. Wina ankakhala mwamuna wonyang'ama amene ntchito yake inali kuseketsa oonera, wina chigawenga choopsa, wina munthu womvetsa chisoni amene kanemayo asanathe amakhala atadzipha kapena kuphedwa. Vito Russo, katswiri wa mbiri ya makanema wa ku New York, anafufuza makanema ambirimbiri ndipo mu 1981 anatulutsa buku lotchedwa The Celluloid Closet. Kumapeto kwa bukulo anaika mndandanda wa anthu a m'makanema amene anafa, ndi imfa imene aliyense anafa nayo. Mndandandawo unaonetsa kuti imfazo sizinali zongochitika. Chinali chizolowezi cha olemba.

Nyuzipepala nazo zinali ndi khalidwe lake. Apolisi akachita chipikisheni m'malo omwera mowa momwe anthuwa ankakumana, nyuzipepala za m'mizinda yambiri zinkasindikiza mayina a ogwidwa, nthawi zina ndi komwe amakhala ndi komwe amagwira ntchito. Munthu ankatha kumasulidwa popanda mlandu, koma ntchito n'kukhala itatha kale. Mu 1967 wailesi yakanema ya CBS inaulutsa pologalamu ya ola limodzi yonena za amuna okonda amuna anzawo, yomwe anaitsogolera mtolankhani Mike Wallace. Ena mwa ofunsidwa anawajambula nkhope zili mumdima, ndipo mmodzi anabisika kuseri kwa masamba a duwa la mumphika. Nthawi imeneyo bungwe la madokotala a matenda a maganizo la American Psychiatric Association linkawerengabe khalidweli ngati matenda. Linasiya kutero mu 1973, ndipo World Health Organization inachita chimodzimodzi pa 17 May 1990.

Zipolowe za ku Stonewall Inn, malo omwera mowa momwe anthuwa ankakumana, zitachitika ku New York mu June 1969, magulu ang'onoang'ono anayamba kulimbana ndi mawailesi. Mu 1974 anakakamiza otsatsa malonda ena kuchotsa malonda awo pa gawo lina la sewero la Marcus Welby, M.D., lomwe linkanena za mphunzitsi wogwiririra mnyamata. Mu 1979 anthu anasokoneza ntchito yojambula kanema wa Cruising, yemwe ankamuona ngati wonyoza anthuwa, m'misewu ya New York poimba mapinto ndi kukuwa. Zonsezi zinali zapanthawi: vuto likabuka anthu ankasonkhana, likatha n'kubalalika.

Edzi ndi kubadwa kwa bungweli

Chomwe chinasintha zinthu ndi Edzi. Mu June 1981 bungwe la boma loona za matenda la CDC linalengeza za amuna asanu a ku Los Angeles amene anadwala chibayo chachilendo. Poyamba matendawa ankatchulidwa ndi dzina lowalumikiza ndi amuna okonda amuna anzawo, ndipo ngakhale dzina lakuti AIDS linakhazikika mu 1982, maganizo akuti ndi matenda a gulu limodzi anali atamera kale mizu. Nyumba zambiri zofalitsa nkhani zinakhala chete kwa zaka zingapo. Zinayamba kulemba kwambiri mu 1985, katswiri wa makanema Rock Hudson atadziwika kuti akudwala, ndipo anamwalira mu October chaka chomwecho. Koma kulemba kwambiri sikunatanthauze kulemba bwino. Nyuzipepala ya New York Post inatchuka ndi mitu ya nkhani yoopseza, yojambula odwala ngati anthu onyansa amene akuika mzinda wonse pachiswe.

Mu November 1985 olemba mabuku, atolankhani ndi ena omenyera ufulu anaitanitsa msonkhano ku New York. Pakati pawo panali Vito Russo, Jewelle Gomez, Arnie Kantrowitz ndi Darrell Yates Rist. Mwezi wotsatira anthu mazanamazana anakachita zionetsero pakhomo la New York Post. Bungwe lomwe linabadwa pamenepo linatchedwa Gay & Lesbian Alliance Against Defamation. Nthambi ya ku Los Angeles inatsegulidwa mu 1988, pafupi ndi makampani a makanema, ndipo mu 1994 nthambi zija zinaphatikizana kukhala bungwe limodzi la dziko lonse. Mu 2013 dzina lalitali lija analisiya n'kutsala ndi GLAAD yokha, pofuna kusonyeza kuti ntchitoyo ikukhudzanso anthu okopeka ndi amuna ndi akazi omwe komanso anthu a transgender. Russo sanazione zambiri mwa izi. Anamwalira ndi Edzi mu 1990.

Chipambano choyamba chimene bungweli limanyadira chimaoneka chaching'ono. Mpaka 1987, New York Times inkakana kugwiritsa ntchito mawu akuti gay, omwe eni ake ankadzitchula nawo, n'kumakakamira mawu a m'mabuku a zachipatala amene ankakumbutsa owerenga za matenda. M'chaka chimenecho inasintha. Kufunika kwa nkhaniyi kuli pa mmene nyumba zofalitsa nkhani zimagwirira ntchito. Nyuzipepala yaikulu iliyonse ili ndi buku la malamulo a kalembedwe, ndipo mtolankhani satsutsana nalo. Kusintha mzere umodzi m'buku limenelo n'kusintha nkhani zikwizikwi zimene sizinalembedwe n'komwe. N'chifukwa chake GLAAD yakhala ikukambirana kwa zaka zambiri ndi Associated Press, yomwe buku lake la kalembedwe amalitsatira atolankhani ambiri ku America, komanso ili ndi buku lakelake la malangizo, Media Reference Guide, lomwe linafika pa kusindikizidwa kwa nambala 11 mu 2022. Atolankhani a LGBTQ nawonso anakhazikitsa bungwe lawo mu 1990, NLGJA, lomwe anayambitsa ndi mkonzi Leroy Aarons.

Kudzudzula, kuyamika ndi kuwerenga

Kudzudzula poyera sikunathe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunali mkangano waukulu pa makanema a The Silence of the Lambs ndi Basic Instinct, omwe otsutsa ankati akubwerezanso chithunzi chakale cha wakupha wa maganizo opotoka. Mu 2000 bungweli linali pakati pa amene analimbana ndi pologalamu ya pa TV ya Laura Schlessinger, muulutsi wotchuka amene ankanyoza anthuwa pa wailesi. Otsatsa malonda ambiri anathawa ndipo pologalamuyo sinakhalitse. Njira yake inali yodziwika: pa TV ya ku America ndalama zimachokera kwa otsatsa malonda, ndipo kampani yogulitsa sopo kapena galimoto sifuna dzina lake limveke pamkangano.

Koma atsogoleri a bungweli anazindikira msanga kuti wongodzudzula amatsekeredwa kunja kwa mpanda. Mu 1990 anayambitsa mphoto za GLAAD Media Awards, zopita kwa makanema, masewero, nyuzipepala ndi atolankhani amene aonetsa anthuwa mwachilungamo. Ku Hollywood mphoto ndi ndalama, choncho makampani omwe aja ankathawa bungweli anayamba kugula matebulo pamwambo wake.

Chida chachitatu ndi kuwerenga. Chaka chilichonse bungweli limatulutsa lipoti lotchedwa Where We Are on TV, lowerengera anthu a LGBTQ m'masewero a pa TV. Chapakati pa zaka za m'ma 2000, mwa anthu okhazikika m'masewero a mawailesi akuluakulu, a LGBTQ sankakwana 2 pa 100 alionse. M'nyengo ya 2021 mpaka 2022 anafika 11.9 pa 100, ndipo pophatikiza mawailesi olipira ndi makampani oonetsa makanema pa intaneti, onse analipo 637. Kenaka chiwerengerocho chinatsika kufika 596, n'kutsikanso kufika 468, nthawi imene makampani ankachepetsa masewero atsopano komanso olemba ndi azisudzo ananyanyala ntchito mu 2023.

Za makanema akuluakulu zimalowa mu lipoti lina, Studio Responsibility Index, lomwe linayamba mu 2013. Loyambalo linapeza kuti mwa makanema 101 a makampani akuluakulu asanu ndi limodzi a mu 2012, okwana 14 okha ndi amene anali ndi munthu wotere, ndipo munalibe wa transgender ngakhale mmodzi. Popeza kungopezeka sikukwanira, lipotili limagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa Vito Russo Test. Kanema amakhoza ngati muli munthu wodziwika bwino kuti ndi wa LGBTQ, ngati munthuyo ali ndi makhalidwe ena kupatula zimenezo, ndiponso ngati ali wofunika m'nkhaniyo moti kumuchotsa kungaisinthe. Mwa makanema 14 aja, asanu ndi mmodzi okha ndi amene anakhoza. Pambuyo pake anawonjezera mfundo yoti nkhani ya munthuyo isakhale yonyoza. Muyesowu suuza munthu ngati kanema ali wokoma. Kanema wosasangalatsa akhoza kukhoza, wabwino kwambiri n'kulephera. Phindu lake ndi loti mkulu wa kampani amene amati "zinthu zasintha" amapatsidwa manambala a kampani yake yomwe.

Maphunziro

Gawo la ntchitoyi lomwe anthu saliona kwambiri ndi la maphunziro, lomwe masiku ano limayendetsedwa ndi nthambi ya GLAAD Media Institute. Ophunzitsidwa ali m'magulu awiri osiyana kwambiri: amene amalemba nkhani, ndi amene nkhanizo zimanena za iwo.

Kwa atolankhani, zambiri ndi malamulo akale a utolankhani omwe amaiwalika nkhani ikakhudza gulu losakondedwa. Funso loyamba ndi lakuti kodi moyo wachikondi wa munthu uli ndi malo m'nkhaniyo. Wakuba akagwidwa, palibe nyuzipepala imene imalemba kuti ndi wokonda akazi. Ndiye palibenso chifukwa cholembera kuti wina ndi wokonda amuna anzake ngati kubako sikukukhudzana nazo. Funso lachiwiri ndi la kuulula munthu amene sanadziulule yekha, zomwe zingamuchotsetse ntchito, kumuthamangitsa pakhomo pa makolo kapena kumuphetsa. Pa anthu a transgender, malangizo ndi akuti mtolankhani agwiritse ntchito dzina limene munthuyo akudziwika nalo tsopano, asafukule dzina lakale kapena zithunzi zakale popanda chilolezo, ndipo asasandutse kucheza konse kukhala mafunso a za opaleshoni ndi ziwalo zobisika. Izi zimavuta kwambiri munthu wa transgender akaphedwa, chifukwa apolisi kawirikawiri amapereka dzina la pa chiphaso, atolankhani n'kungokopera, ndipo anzake a malemuyo, omwe mwina akanathandiza apolisi, sadziwa n'komwe kuti nkhaniyo ikunena za mnzawo. Palinso malangizo a kalembedwe ka nkhani za kudzipha, omwe anakula mu 2010 achinyamata angapo atadzipha motsatizana: osafotokoza njira imene munthu wadziphera, ndiponso osanena ngati kuti chinthu chimodzi chokha ndicho chachititsa.

Gulu lachiwiri ndi la anthu wamba amene mwadzidzidzi apezeka pamaso pa kamera: mayi amene mwana wake wamenyedwa, msilikali wochotsedwa ntchito, m'busa, mphunzitsi, anthu awiri amene akasuma kukhoti. Amaphunzitsidwa kuti pa TV munthu amapatsidwa masekondi ochepa, choncho asankhiretu mfundo ziwiri kapena zitatu n'kumabwerera ku zomwezo ngakhale funso litapita kwina. Amaphunzitsidwa kusabwereza mawu onyoza a wofunsa, ngakhale powakana, chifukwa kachidutswa kamene kadzaulutsidwe kangakhale komweko. Amauzidwa kuti adziwe zimene sakufuna kuyankha asanakhale pampando, ndipo aganizire za ana awo, ntchito yawo ndi chitetezo chawo asanavomere. Amayeserera pamaso pa kamera n'kudzionera okha. Chachikulu pa zonse, amakumbutsidwa kuti sakulankhula ndi wotsutsana naye amene wakhala pambali pake, chifukwa ameneyo sasintha, koma ndi woonera ali kunyumba amene sanaganize mbali yoima.

Mfundo yomalizayi inaphunziridwa movutikira. Mu November 2004 zigawo 11 za dzikolo zinavota kuletsa maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ndipo mu 2008 California nayo inavomereza chiletso chotero, Proposition 8, ndi mavoti pafupifupi 52 pa 100. Mabungwe monga Freedom to Marry, Third Way ndi Movement Advancement Project anafufuza chomwe chinalakwika. Anapeza kuti uthenga wawo unkanena za ufulu, misonkho, penshoni ndi chuma chamasiye. Ovota akafunsidwa chifukwa chimene iwo eni anakwatirira, ankati chikondi ndi kudzipereka. Akafunsidwa chifukwa chimene enawo akufunira ukwati, ambiri ankati akufuna phindu. Uthenga unasinthidwa. Pa TV panayamba kuoneka agogo, makolo, atsogoleri a mipingo ndi asilikali opuma akufotokoza za mwana kapena mdzukulu wawo, ndiponso mmene iwo eni anasinthira maganizo pang'onopang'ono. Mu November 2012 mbali imeneyi inapambana mavoti ku Maine, Maryland, Washington ndi Minnesota. Khoti lalikulu la dzikolo linavomereza maukwatiwa m'dziko lonse pa 26 June 2015, pa mlandu wa Obergefell v. Hodges.

Palinso ulangizi wa kuseri, pomwe olemba masewero amatumiza zolemba zawo kuti ziunikidwe asanayambe kujambula. Ntchitoyi yafika ngakhale ku masewera a pa kompyuta: opanga Tell Me Why, yomwe inatuluka mu 2020 ndipo mmodzi mwa anthu ake akuluakulu ndi mwamuna wa transgender, anagwira ntchito ndi GLAAD polemba nkhani yake.

Kodi zimasinthadi maganizo?

Maziko a ntchito yonseyi ali m'kafukufuku wa Gordon Allport, yemwe m'buku lake la mu 1954, The Nature of Prejudice, anafotokoza kuti tsankho limachepa anthu a magulu osiyana akamakumana ngati ofanana. Vuto ndi loti anthu a LGBTQ ankabisala, choncho ambiri ankakhala nawo limodzi osadziwa. Mu 2005 Edward Schiappa, Peter Gregg ndi Dean Hewes anaonetsa kuti kudziwana ndi munthu wa pa TV kumagwira ntchito yofananako, makamaka kwa oonera amene sadziwa munthu wotere m'moyo weniweni. Woonera amene watsatira sewero kwa zaka zisanu amamudziwa munthu wa m'seweromo ngati mnansi wa kuseri kwa mpanda, ndipo kunyoza mnansi n'kovuta kusiyana ndi kunyoza mlendo.

Chitsanzo chotchuka ndi cha Ellen DeGeneres. Pa 30 April 1997, munthu amene ankamusewera m'sewero la Ellen pa ABC anaulula kuti amakonda akazi anzake, patangopita masabata ochepa iye mwini atanena zomwezo m'magazini ya Time. Anthu pafupifupi 42 miliyoni anaonera. GLAAD inalimbikitsa anthu kusonkhana m'nyumba kuti aonere limodzi, pomwe wailesi ina ya ku Birmingham ku Alabama inakana kuulutsa gawolo ndipo makampani ena anachotsa malonda awo. Chaka chotsatira sewerolo linathetsedwa. Komabe m'chaka chomwecho cha 1998 munayamba Will & Grace, lomwe linakhala zaka zisanu ndi zitatu, ndipo mu 2012 Joe Biden, ali wachiwiri kwa pulezidenti, analitchula ngati chimodzi mwa zinthu zomwe zinaphunzitsa anthu a ku America kwambiri pa nkhaniyi.

Manambala a bungwe la Gallup akusonyeza kusintha kwakukulu: mu 1996, anthu 27 pa 100 ankavomereza maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, mu 2015 anali 60, ndipo mu 2022 anafika 71. Koma kunena kuti TV ndiyo inachita zonsezi kungakhale kukokomeza. M'zaka zomwezo anthu mamiliyoni anadziulula kwa abale awo, makhoti anagamula milandu, ndipo m'badwo watsopano unakula. Palinso funso la chomwe chinayamba: mwina masewero anasintha oonera, mwinanso makampani analimba mtima ataona kuti oonera asintha kale. Zikuoneka kuti ziwirizi zinkakankhana. Kafukufuku wa David Broockman ndi Joshua Kalla, wofalitsidwa m'magazini ya Science mu 2016, anapeza kuti kucheza kwa mphindi pafupifupi khumi pakhomo la munthu ku Miami kunachepetsa tsankho kwa anthu a transgender kwa miyezi itatu. Pamenepo panalibe kamera. Panali kumvetserana kwa anthu awiri.

Zodandaula

Bungweli limadzudzulidwa kuchokera mbali zonse. Magulu achipembedzo ndi andale osafuna kusintha amati likukakamiza makampani kulowetsa maganizo ake m'nyumba za anthu, makamaka m'mapologalamu a ana. Olemba ena amati kuunika zolemba kumabala anthu a m'masewero oyera mopitirira, opanda chilema, pomwe sewero labwino limafuna anthu olakwa. Atolankhani ena amati bungwe lomenyera ufulu lisamalamule kalembedwe ka nkhani. Mkangano umenewu unaonekera poyera mu February 2023, GLAAD ndi anthu ena ambiri atadzudzula New York Times pa nkhani zake zokhudza chithandizo cha kuchipatala cha achinyamata a transgender. Nyuzipepalayo inayankha kuti ntchito ya bungwe lomenyera ufulu ndi ya mtolankhani n'zosiyana, ndipo inaima nazo nkhani zake.

Dandaulo lolemera kwambiri limachokera mkati. Mlonda amene amalandira thandizo kwa omwe akuwalondera amakhala pamalo ovuta, ndipo ndalama zambiri za bungweli zimachokera ku makampani. Mu 2011 mtsogoleri wake Jarrett Barrios anatula pansi udindo zitadziwika kuti bungweli linalembera boma kalata yothandiza kampani ya matelefoni ya AT&T, yomwe inkalipatsa ndalama, pa nkhani yogula T-Mobile. Makampaniwo nawo sakhala okhulupirika mpaka kale. Mu 2023 mowa wa Bud Light utanyanyalidwa chifukwa chogwira ntchito ndi munthu wa transgender wotchuka pa intaneti, makampani angapo anabwerera m'mbuyo mwakachetechete.

Chinanso n'chakuti kuonekera si chitetezo. Laverne Cox, katswiri wa zisudzo wa transgender, anaikidwa pachikuto cha Time mu 2014, sewero la Pose linayamba mu 2018 ndi azisudzo ambiri a transgender, koma zaka zotsatira ndi zomwe zigawo zambiri zinakhazikitsa malamulo okhwima okhudza anthu omwewo. Bwalo nalo lasamuka. Mkonzi wa nyuzipepala angathe kuitanidwa ku msonkhano, koma pa masamba a mchezo aliyense ndi wofalitsa. Kuyambira 2021 GLAAD imatulutsa Social Media Safety Index, yopereka malikisi kwa Facebook, Instagram, TikTok, YouTube ndi X, ndipo chaka ndi chaka malikisiwo akhala otsika.

Kunja kwa America

Njira za GLAAD zinakula m'dziko lomwe malamulo amateteza kwambiri ufulu wolankhula ndipo TV imadalira otsatsa malonda. Kumene zinthu sizili choncho, sizingakopedwe momwe zilili. Russia inaletsa mu 2013 kufalitsa kwa ana nkhani zoonetsa maubwenzi amenewa ngati abwinobwino, ndipo mu 2022 chiletsocho chinafikira anthu a misinkhu yonse. Lamulo la Uganda la mu 2023 limapereka chilango cha zaka zofika 20 kwa wopezeka "akulimbikitsa" khalidweli. Ku Uganda komweko, mu October 2010 nyuzipepala yaing'ono yotchedwa Rolling Stone, yosakhudzana ndi magazini ya ku America ya dzina lomwelo, inasindikiza mayina ndi zithunzi za anthu amene inkati ndi ogonana amuna kapena akazi okhaokha. David Kato, mmodzi mwa otchulidwawo, ndi anzake anakasuma ndipo khoti linaletsa nyuzipepalayo kupitiriza. Kato anaphedwa kunyumba kwake pa 26 January 2011. Munthu wina analamulidwa kukhala kundende zaka 30 pa mlanduwo. Apolisi anati imfayo sinakhudzane ndi nyuzipepala ija, koma anzake a Kato sanakhutire nazo.

South Africa ili mbali ina. Malamulo ake aakulu a mu 1996 amaletsa tsankho lotere, maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha analoledwa mu 2006, ndipo mu 2021 Constitutional Court inagamula kuti nkhani imene mtolankhani Jon Qwelane analemba mu Sunday Sun mu 2008 inali mawu odzetsa chidani. Ku Johannesburg kuli GALA, yosunga mbiri ya anthuwa kuyambira 1997, ndi Iranti, yomwe inayamba mu 2012 ndipo imagwiritsa ntchito makanema ndi zithunzi polemba nkhanza zimene amakumana nazo. Komabe kanema wa Inxeba, wonena za amuna okondana, anakumana ndi zionetsero mu 2018 mpaka nkhani yake inakafika kukhoti. Ku Kenya, chaka chomwecho, boma linaletsa kanema wa Rafiki wa Wanuri Kahiu, wonena za akazi okondana, ndipo khoti linangolola kuti aonetsedwe masiku asanu ndi awiri.

Ku Malawi nkhaniyi inafika pa masamba oyamba mu December 2009, anthu awiri atachita chinkhoswe ku Blantyre. Anamangidwa nyuzipepala zitangolemba, analamulidwa kukhala kundende zaka 14 mu May 2010, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira mwezi womwewo mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, ali m'dziko muno. Nyuzipepala zambiri, zakuno ndi zakunja zomwe, zinalemba kuti anali amuna awiri, pomwe mmodzi wa iwo ankadzitchula mkazi ndipo ankakhala ngati mkazi. Ndime za malamulo zomwe anawazengera mlandu zikadalipo. Khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana kuzichotsa mu June 2024. M'mayiko otere, maphunziro a atolankhani monga amene amachititsa a Taboom Media a ku Cape Town amayambira pa chitetezo cha wofunsidwa: kumufotokozera bwinobwino komwe nkhaniyo idzafike, kubisa dzina, nkhope ndi dera lake ngati pakufunika kutero, kusunga mosamala manambala a foni ndi mawu ojambulidwa, ndiponso kufunsa atsogoleri a zipembedzo a maganizo osiyanasiyana m'malo mwa okhawo olankhula mokweza.